Mmene Tadala anasekera atafulatira TV

Linali Loweruka, fo koloko masana, ndipo mawa lake mng'ono wanga Tadala ankayenera kutengedwa kupita kumudzi. Ndikakumbukira Abiti Saidi, tsiku limenelo ndi limene limayamba kubwera, pamodzi ndi fungo la mandasi akupsa m'mafuta pakhonde pawo, utsi wa makala ukulowa m'nyumba kudzera pa katani ya pakhomo, ndi phokoso la bambo anga akukhoma malata kuseri kwa mpanda.

Tinkakhala ku Kawale. Bambo anali mmisiri wa mbaula ndi ndowa, ndipo ankagwirira ntchito pabwalo pathu pomwepo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Abiti Saidi anali aneba athu, mayi wachikulire wa ku Mangochi, amuna awo anamwalira kale. Mwana wawo woyendetsa mathiraki anawaikira dishi ya TV padenga, koma mphepo itaipotoza, tchanelo yooneka bwino inatsala ya ku China. Loweruka masana kunkabwera pulogalamu ya anthu otchuka a kumeneko. Ankakhala pa mipando yowala atavala zokongola, ndiye bambo wina wonenepa ndi mayi wina wamfupi ankawafunsa mafunso, kuwaseka, kuwagogoda pamutu ndi kanyundo kachidole mpaka mlendo kubisa nkhope. Palibe mwa ife ankamva ngakhale liwu limodzi. Koma mayi wamfupi uja akamaseka ankamveka ngati nkhanga, ke-ke-ke-ke, ndipo ana tonse tinkagubuduka pamkeka. Abiti Saidi anamupatsa dzina loti Nankhanga.

Iwo eni ake TV-yo sankaiyang'ana. Ankakhala pakhomo ataifulatira, akutembenuza mandasi, n'kumati, “Maso anga ali pa mafuta. Nankhanga ndimamuonera m'makutu.”

Tadala anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka zitatu, koma anali asanatchulepo ngakhale “ama”. Tsiku lina azakhali athu a ku Mchesi, alongo awo a bambo, anaima kumbuyo kwake n'kumenya chivindikiro cha poto ndi supuni. Tadala sanatembenuke. Anamenya ndowa, iye n'kumangosewera ndi chitsekerero cha botolo.

“Achimwene, mwanayu ndi gonthi,” anatero azakhali. “Kuno maminibasi amugunda. Apite akakhale ndi agogo ake ku Dowa. Ndimutenga ndekha Lamulungu.”

Bambo anangoweramira pansi. Amayi sankatha kutsutsa alamu awo. Loweruka lija azakhali anabwera kudzagona, ndipo amayi anachapa tizovala ta Tadala, n'kumatipinda m'jumbo osayang'ana munthu. Ine ndinali ndi zaka naini, ndipo Tadala ndinkagona naye pa mkeka umodzi. Ndinalinso mwana wamanyazi kwambiri, woti munthu wamkulu akandifunsa dzina ndinkaluma kolala ya diresi. Ndinangomubereka mng'ono wangayo n'kupita kwa Abiti Saidi.

M'nyumba munali mutadzaza ana, choncho ndinamukhazika Tadala pakhomo pafupi ndi Abiti Saidi, nkhope yake italoza kumsewu, katani ili kumbuyo kwake. Anamupatsa kachidutswa ka ndasi. Ine ndinakhala mkati koma sindinkaona chilichonse, misozi inali itadzaza.

Patapita kanthawi ndinamva Abiti Saidi akundiitana motsitsa mawu.

“Esinati, tatuluka. Usamukhudze. Ungoyang'ana mapewa akewo.”

Ndinayang'ana. Mkati Nankhanga anayamba kuseka kwake, ndipo mapewa a Tadala anagwedezeka, kukamwa kuli yasa, ndasi likugwa.

“Mwina akuseka galu akudutsayo,” anatero Abiti Saidi. “Tiyeni tione. Ana inu m'nyumbamo, aliyense agwire pakamwa. Woseka mandasi sadya. Esinati, kachotse mawu onse.”

Ndinachotsa mawu. Pa TV anthu ankagwa pa mipando ndi kuseka, Tadala ali phee, akutola nyenyeswa pa mwendo wake. Kenako Abiti Saidi anandikodola kuti ndibwezere, pang'ono chabe. Tinadikira. Bambo wonenepa uja analankhula nthawi yaitali, mlendo anayankha. Ndiyeno Nankhanga anaphulika. Tadala anatembenuza mutu, anakoka katani, n'kunena ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo, “Ke-ke-ke.”

Mandasi a m'chiwaya anapserera tsiku limenelo. Abiti Saidi anawasiya, n'kundiuza kuti ndikaitane amayi ndi azakhali. Ndinathamanga, koma nditafika pamaso pa azakhali mawu anakana kutuluka. Ndinangogwira chitenje cha amayi n'kumakoka. Abiti Saidi anali ataona kale, ndipo anaitana okha pamwamba pa mpanda.

“Amake Esinati, bwerani ndi alamu anuwo. Abambo nanunso, siyani nyundoyo kamodzi, dziko lipume.”

Anabwera onse atatu. Tinabwereza zomwe zija, ana agwira pakamwa, ine ndili pa batani. Tadala anatembenukanso, anasekanso. Amayi anakhala pansi pafumbi pomwepo.

Azakhali anapinda manja. “Ndiye mukuti mwanayu amamva Chitchaina, koma ndowa samva?”

“Inu, mwana wabadwira m'malata,” anayankha Abiti Saidi. “Chibadwire akumva ngo-ngo-ngo wa bambo ake. Mumafuna atembenukire chivindikiro cha poto? Ine ndemwe phokoso la kwanuko ndinasiya kulimva chaka chimene munasamukira kuno.”

Bambo anayang'ana nyundo imene inali idakali m'manja mwawo, n'kuibisa kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga. Ana onse anaseka, ndipo palibe anamanidwa ndasi.

“Nanga bwanji salankhula?” anafunsabe azakhali.

“Alankhule liti? Pakhomo panu wolankhula ndi nyundo. Mayi ake ndi achete, mkulu wakeyu ndiye nanji. Mupite naye kuchipatala akamuone makutu bwinobwino, ine si dokotala, ndine wa mandasi. Koma kumudzi ayi. Muzimulankhula mwanayu.”

Lamulungu azakhali anakwera basi okha. Amayi anatulutsa tizovala tija m'jumbo, ndipo bambo anasamutsira malata awo kumsewu, pansi pa mtengo wa mango. Kuchipatala anati makutu ali bwino. Tadala anayamba kulankhula mochedwa ndithu, koma lero amagulitsa kaunjika mumsika ndipo mawu ake umawamva usanatsike minibasi.

Abiti Saidi anamwalira ine nditasiya kale sukulu. Dishi ija mwana wawo anaichotsa, ndipo pulogalamu ija sindinadziwe dzina lake mpaka pano.

Tsopano ndili ku Chinsapo, ndili ndi mwana wanga wamkazi, Takondwa, amene wapitirira chaka ndi theka osatchula kanthu. Sabata yatha apongozi anga anawomba m'manja kumbuyo kwake, iye osacheuka, ndipo ndinaona mmene anayang'anirana ndi amuna anga. Nyumba yathu ili pafupi ndi chigayo. Ndinafuna kunena zimenezo, koma mawu anakana ngati kale. Madzulo ake, ndikusenda mbatata pakhonde, ndinamukhazika Takondwa atandifulatira. Ndinaonetsetsa kuti palibe akundiona, n'kuyesa motsitsa kwambiri, “Ke-ke-ke-ke.” Anatembenuka nthawi yomweyo, anandiyang'ana ngati ndapenga, kenako anaseka mpaka kugwera chagada.

M'mawa mwake ndinamubereka kupita kusikelo. Nesi atamaliza kumuyeza anaitana wotsatira, koma ine sindinadzuke pa benchi. Ndinati, “Anesi, ndikupempha mumuonenso makutu,” ndipo ndinanena mokweza moti amayi a kumbuyo kwa mzere anamva.