Bondo la Atate Pamaso pa Bwana

Atate anachoka ku usilikali ndi zinthu ziwiri: bondo lotupa ndi liuma. Bondolo analivulaza atagwa pa lole ya asilikali kumalire, ndipo m'zaka zimene tinkakhala ku Chawama linkawakaniza ngakhale kudumpha ngalande ya pakhomo. Ntchito yawo ya ulonda ku mafakitale inali pafupi kutha. Opaleshoni ikanatheka ku chipatala cha asilikali, koma pokhapokha dokotala wakumeneko atavomereza kuti ngozi ija ndiyo inkawazunzabe.

Amayi, podziwa mwamuna wawo, anatsegula sukulu ya kubuula kuseri kwa nyumba. Ankakhala pa chidebe ngati dokotala, atate n'kumalowa ndi ndodo.

"Batate bake, bwelezani," ankatero amayi. "Mubuula monga munthu wokhuta. Ndipo vija va 'nili bwino' mukavisiye pano."

Anthu oyandikana nafe ankasuzumira pampanda, ena mpaka kupereka malangizo. Pomaliza atate anakhoza ndithu, moti ine mwana wawo ndinkawamvera chisoni chenicheni.

Tsiku lokaonana ndi dokotala ndinawaperekeza ndine. Anakhala pabenchi atakwinya nkhope monga anaphunzitsidwira. Kenako chitseko chinatseguka, ndipo dokotala analowa ali ndi nyenyezi pamapewa. Izi amayi sanaziganizire. Ndodo inagwa pansi. Atate njo! Chifuwa patsogolo, dzanja pachipumi.

"Bondo ili bwanji, mudala?" anafunsa dokotala.

"Ili bwino, bwana!"

Ndinalakalaka nthaka itandimeza. Sukulu yonse ya amayi inathera pamenepo, ndipo opaleshoni ndinaiona ikupita.

Koma dokotalayo sanawauze kuti apumule. Anangotsamira tebulo n'kumawayang'ana. Msilikali sakhala pansi bwana asanalamule, choncho atate anaimabe. Posakhalitsa mwendo wa thalauza unayamba kugwedezeka. Thukuta linatsika m'khosi, milomo ataluma, koma dzanja silinachoke pachipumi. Ine misozi inalengeza.

"Nkhalani pansi, batate," anatero dokotala, akuwagwira pamkono. "Imwe bakale nikuzibani. Pakamwa mumanama, koma bondo sinama."

Anawapima bwinobwino, nawapatsa tsiku la opaleshoni.

Mu minibasi ndinali kuseka ndekha, ndikukonza mmene ndikawasimbire amayi. Atate ankangoyang'ana pawindo. Titayandikira kwathu anamenya bondo lija ndi chikhatho.

"Useka chani iwe?" anandifunsa. "Bondo iyi yanichititsa nsoni pamaso pa bwana."