Msana wa Atelala

Atelala anayamba kukalamba msana, nkhope inachita kutsatira. Makina osokera musawanamizire, anawapinda ndi masitepe a kuchipatala. Akazi awo anafa ziwalo, ndipo lamulo linkati mankhwala azilandira wodwala mwiniwake pawindo la chipinda cham'mwamba. Mwezi ndi mwezi ankawakankha pa njinga ya olumala mpaka pakhomo, n'kuwabereka.

Boma litalengeza kuti chipatala chilichonse chikhale ndi njira yotsetsereka yodutsa njinga, atelala anasoka tsiku lonse akuimba mluzu.

Bwana woyamba wa chipatalacho anali waphuma. Kutangocha anagumulitsa theka la masitepe, simenti asanaione n'komwe, kenaka anamusamutsa. Wachiwiri anali wa misonkhano: komiti inabala kakomiti, kakomiti n'kumangomwa tiyi. Atelala atamudandaulira, iye anati, "Bambo, nkhani yanu ili m'manja abwino." Manja ake ati! Wachitatu anali wamantha. Ataona pogumulidwapo anaopa kuti wina akagwapo ntchito imuthera, basi anatchingapo ndi chingwe. Odwala anayamba kuzungulira kuseri, kukakwera makwerero achitsulo, opapatiza, oterera kukagwa mvula.

Pamenepo ndi pomwe bondo la atelala linagonja. Tsiku lina anagwada pakati pa makwererowo, akazi awo ali kumsana.

"Amuna anga, basi," anatero mayiwo atafika kunyumba. "Mwandibereka mokwana. Mukathyoka tigona tonse awiri, wotitembenuza adzakhala ndani?"

Mwezi wotsatira atelala anapita okha, chipewa chili m'manja, kukapempha mankhwalawo. Wapawindo anati, "Zikusintha ndi nyumba, bambo, lamulo likadali lomwe lija." Anabwerera chimanjamanja, ndipo mtima unawawawa koopsa. Mvula isanathe, anaika maliro a akazi awo.

Bwana wachinayi anamanga njirayo mwachangu, poti kunkabwera alendo. Madzulo ena mesenjala wa chipatala anafika pakhonde pomwe atelala ankasokera.

"Bwana akuti mutibwereke njinga ya amayi ija. Mawa tikutsegulira njira, ndiye pafunika njinga pojambula zithunzi. Zathu zonse n'zothyoka."

Kukwiya kumafuna mphamvu, ndipo atelala analibenso. Analowa m'nyumba, anaitulutsa kuseri kwa chitseko, n'kuipukuta fumbi ndi kachidutswa ka nsalu.

"Muziikankha bwino," anatero. "Tayala lakumanzere limakoka. Eni ake ankadandaula nalo."