Chithunzi cha Esitere kwa Ometa Tsitsi

Esitere ankagulitsa mbatatesi pa msika wa Lobi. Anali mayi wa ana awiri, woimba kwaya kutchalitchi, munthu wosachulutsa zonena. Mwamuna wake Vinsenti anapita ku Joni mu 1995, ndipo patatha chaka analemba kalata yopempha chithunzi. Ankafuna chooneka mikanda ya m'chiuno imene anamugulira asananyamuke.

Esitere anazengereza milungu iwiri. Kenako anaitana a Zikhalo, ojambula oyendayenda pa njinga, amene anabwera ndi akazi awo a Agnesi kuti anthu asaganize zina. M'nyumbamo Esitere anatsitsa chitenje, maso ali pansi. A Zikhalo analumbira kuti chithunzicho chidzakhala chimodzi chokha, ndipo chimodzicho chinapitadi ku Joni.

Tsiku lina la msika, Monika, mlongo wake wa Vinsenti, anafika n'kunjuta ngati akusankha mbatatesi.

"Alamu, musakuwe," ananong'ona. "Muli pakhoma kwa ometa tsitsi."

"Ine? Pakhoma bwanji?"

"Mikanda yonse ili poyera. Amuna akuchita kudzazana."

Esitere anaganiza za apongozi ake, za akuluakulu a mpingo, za ana ake kusukulu. Anafuna kuthawira kumudzi, koma anadziwa kuti msika ukamathera anthu a midzi yonse akhala atachiona. Anasiyira Monika malonda n'kudzikoka kupita kwa ometa tsitsi kuja.

Atalowa, anadutsa pakati pa amuna aja. Chithunzicho chinali pakati pa kalendala ndi mapepala a zipani. Anachita kuching'amba pochimatula.

"Mayi, ine ndinangopatsidwa," anatero wometayo. "Kondakitala wina wa minibasi. Akuti ali nacho china."

Mawu akuti china aja ndi amene anamumaliza. Anayenda mothamanga mpaka kwa a Zikhalo, chithunzi atachifumbata.

"Munalumbira inu," anatero.

A Zikhalo anayamba kudziikira kumbuyo. "Mayi, filimu ndimakatsukitsa m'tauni. Otsukawo ndi amene achita zimenezi."

"Anatsuka zingati?"

"Sindikudziwa."

A Agnesi, amene ankamvetsera ali pakhonde, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi envulopu ya mafilimu. Anawaunika padzuwa imodziimodzi mpaka anapeza ya Esitere, anaidula ndi sizasi, n'kumupatsa. Esitere anaiponya pambaula pomwepo. Kenako a Agnesi anatembenukira amuna awo.

"Kwerani njinga mukamupeze kondakitalayo. Musabwere chimanjamanja."

A Zikhalo anabwera nacho mawa lake, chitapindikapindika ndi kukhala m'thumba. Koma kondakitalayo anali atanena kuti kumene anachitenga, m'tauni, zinalipo zingapo.

Tsiku lomwelo Esitere analembera Vinsenti zonse, mphekesera zisanamupeze. Yankho linatenga milungu isanu ndi iwiri. Nthawi yonseyo sankadya bwino. Kwaya anasiya. Minibasi ikaima pafupi ndi msika, kapena amuna awiri akangoseka chapatali ankafunda chitenje kumutu. Apongozi ake sanamufunse kanthu, koma anasiya kutuma ana kudzapala moto kwake, ndipo kukhala chete kumeneko kunkamuopsa kuposa kukalipa.

Kalata itafika Esitere analephera kuitsegula. Anaipereka kwa Monika, amene anaiwerenga chamumtima kenako n'kumugwira dzanja kupita naye kwa apongoziwo. Kumeneko anaiwerenga mokweza. Inali yaifupi: "Chithunzicho ndinapempha ndine. Wofuna kunena anene ine. Esitere asachoke pakhomo."

Apongozi anatembenukira Esitere n'kumufunsa ngati nyemba za kudimba zayamba kukhwima.

Esitere anabwerera kukwaya nthawi yokolola, n'kumaima mzere wakumbuyo. Amayi awiri a m'kwayamo sanamupatsenso moni mpaka lero. A Zikhalo anthu anasiya kuwaitana, ndipo kamera yawo anaigulitsa n'kuyamba kukonza njinga. Za zithunzi zotsala m'tauni Esitere sanamveponso, ndipo sanafune kufunsa.