Mafuta Ophikira pa Tcheni

Nditangoyamba uphunzitsi ku Chikweo, masiku oyenda ndi khadi la chipani m'thumba, ndinagula njinga ku Balaka. Tcheni chake chatsopanocho ndinachipaka mafuta ophikira. Sabata isanathe, chinamata mchenga n'kuyamba kulira.

Atelala achikulire oyandikana nane nyumba, pochokera kumzikiti, anachikhudza n'kununkhiza chala.

"Aphunzitsi, njingayi mukufuna kuikazinga?" anafunsa.

"Iyayi, bambo," ndinayankha mwamanyazi.

Tinachichotsa, n'kuchitsuka ndi parafini m'mbale yakale. Podikira kuti chiume, anandiphunzitsa moni wa Chiyao, akuseka katchulidwe kanga. Kenako anatenga nthenga ya nkhuku, n'kudontheza mafuta a makina awo osokera pamfundo iliyonse, mosafulumira. Kuyambira tsikulo, Loweruka lililonse ndinkakacheza pakhonde pawo.