Mpunga Wotsitsira Gitala

M'chigwa chonse cha Domasi, kuyambira pa Naisi mpaka kumadimba a mpunga, panalibe munthu amene anandigonjetsapo pokambirana mtengo. Ndinkagula mpunga kwa alimi n'kuukweza panjinga kupita nawo ku Zomba. Wogulitsa ankandithokoza akundiwonjezera basela, wogula nayenso ankandithokoza ndikumuyezera mbale yosadzaza. Tsono pamene mawu a alamu anga anayamba kutsika, ndinaona kuti imeneyinso ndi nkhani ya malonda basi, ndipo ndithana nayo.

Alamu angawo ndi amene anakwatira achemwali anga aakulu. Mkati mwa sabata anali mlimi, koma Loweruka anali woyimba wa kagulu ka anthu atatu: iwo, wagitala ndi wang'oma. Ankayimba m'maukwati, sipika ikudya moto wa batire la galimoto. Kayimbidwe anatengera kwa azungu aja a magitala olira amene tinkawamva pawailesi, koma mawu ankaikamo awoawo. Inalipo nyimbo imodzi imene anthu ankaidikira. Inkayambira pansi bwinobwino, kumapeto n'kukwera katatu ngati makwerero, ndipo kachitatuko alamu ankatulutsa liwu lopyapyala, lakuthwa, loti agalu a mudzi wachiwiri ankayankha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ankafikapo dzanja lina lili m'thumba.

"Tsiku limene ndidzalephere pamwamba paja," ankatero, "ndidzabwerera ku khasu. Sindidzayimbanso ngakhale posamba."

Anali munthu wosabweza mawu. Patapita zaka zingapo, pa ukwati wina kwa Malemia, ndinamva liwu lija likung'aluka pansonga ngati nsungwi youma. Ena sanamve chifukwa cha nthungululu, koma achemwali anamva. Pobwerera anandikokera pambali.

"Achimwene, amenewa akasiya kuyimba ndikhala ndi chitsa m'nyumba. Chaka chija anadwala pakhosi, mwezi wathunthu sanaseke ndi mwana yemwe."

"Musadandaule," ndinatero. "Palibe chinthu chosatsika mtengo."

Wagitala uja ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde. Ndinamupeza akumata chubu. Ndinayamba ndi za mvula, monga mwa ntchito yanga, kenaka n'kufika pa nkhani.

"Achimwene, gitala lanu lija simungalimasule nsambo pang'ono, kuti nyimbo yonse itsike, mwini wake osadziwa?"

Anandiyang'ana, chubu chili m'madzi. "Zimatheka. Koma bodza limamvetsa njala. Chidebe cha mpunga."

"Chidebe? Kungopotokola kachikhomo?"

"Zikhomo zake zilipo zisanu ndi chimodzi."

Ndinaimirira, n'kugwira njinga ngati ndikupita. Ndinabwerera. Ndinamukumbutsa kuti alamu akasiya, gitala lakelo adzayimbira mbuzi. Tinagwirizana theka la chidebe, ndipo ndinachoka ndikuimba mluzu, ndikumumvera chisoni mnzanga wosadziwa malonda.

Zinayenda. Ukwati wotsatira alamu anakwera katatu konse, liwu losang'aluka. Chaka chilichonse tikakolola ndinkapereka theka la chidebe, nsambo n'kumasukanso pang'ono. Ine ndinkaima kumbuyo kwa anthu manja ali m'chiuno, ndikumamva ngati nthungululu zonsezo n'zanga.

Ndiye unafika ukwati wa mchemwali wanga wamng'ono, chitsirizira wa kwathu. Mphatso imene anapempha kwa alamu ake inali nyimbo ija basi. Kutatsala sabata ndinanyamula mpunga kupita pansi pa mango paja. Wagitala sanautambalitsire n'komwe dzanja.

"Nsambo zafika pothera," anatero. "Ndikamasulanso ziyamba kumenya thabwa. Panopa zili kale ngati chingwe choyanikapo zovala."

"Chidebe chodzaza."

"Si nkhani ya mpunga."

"Ziwiri. Ndi tambala."

"Akulu a malonda, mukudzikwezera mtengo nokha, wopikisana naye palibe?"

Zinali zoona. Ine amene ndinkatsitsa mitengo ya anthu onse ndinali kukweza wanga, munthu akungopopa tayala. Ndinabwerera ndi mpunga wanga, ndipo achemwali aakulu aja sindinawauze kanthu.

Tsikulo masana dzuwa linali laukali, anthu atadzaza m'chisakasa cha udzu mpaka ena kukhala pamizu ya mitengo. Mkwatibwi atakodola alamu, gitala linalira, nyimbo n'kuyamba. Pokwera poyamba anadutsa bwino. Pachiwiri misempha ya m'khosi inatuluka ngati zingwe, thukuta likutsikira m'kolala. Achemwali anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Pachitatu sipanamveke kanthu. Nditadzutsa mutu ndinaona alamu atakweza dzanja, gitala ndi ng'oma zili zii. Anakoka mpweya. Kenaka m'malo mokwera, anatsika. Linatuluka liwu limene sindinalimvepo, lalikulu, lochokera m'mimba, longa lole yodzaza ikamakwera chitunda. Sipika inanjenjemera patebulo, makapu a thobwa n'kugundana. Anatsikanso kachiwiri, n'kutsikanso kachitatu, makwerero omwe aja koma olowera pansi, mpaka liwulo ndinkalimvera m'chifuwa changa, osati m'makutu. Analigwira pomwepo nthawi yaitali, dzanja lina lili m'thumba.

Mayi wina wachikulire ndi amene anayambitsa nthungululu, chisakasa chonse n'kuimirira. Mkwatibwi anaiwala kuti mkwatibwi sayenera kuseka, anathamanga ndi velo yake kukawagwira alamu m'khosi. Nyimboyo anaibwereza katatu, anthu osalola ina.

Zitatha ndinawapeza kuseri kwa nyumba akumwa madzi, wagitala ali pambali akupukuta nsambo zake zolendewera.

"Alamu, liwu limeneli munalisunga kuti?"

"Kudimba. Zaka ziwiri tsopano ndikuingitsira mbalame mumpunga."

"Nanga lumbiro lija?"

"Ndinati ndikadzalephera pamwamba. Mwandiona ndikulephera? Sindinapiteko n'komwe." Anapukuta kukamwa. "Koma alamu, chaka chino mpunga wachedwa. Ana akufunsa."

Wagitala anaseka mpaka kukhala pansi. Ndi iye amene anandifotokozera. Usanafike n'komwe ukwati wa kwa Malemia uja, alamu anali atamuuza kale kuti azimasula nsambo chaka ndi chaka, anthu osadziwa. Ine ndinabwera kudzagula chinthu chimene chinali kuchitika chaulere. Mpunga wanga awiriwo ankagawana pakati, ndipo gawo la alamu ndi lomwe achemwali, osadziwa kanthu, ankatiphikira pa Khirisimasi. Ndinkaudya ineyo n'kumauyamikira. Chaka china ndinawalangizanso alamu kuti mpunga wabwino chotero ayenera kuti anawadula nawo, ulendo wina azindituma ine.

Alamu sanabwerere ku khasu lokha. Anayimba ndi liwu lapansilo mpaka zaka za m'ma 1980 zinatha, akuitanidwa m'maukwati akutali kumene liwu lopyapyala lija silinawafikitseko. Nsambo zinamangidwanso bwino, chifukwa panalibenso chobisa. Achemwali sanakhale ndi chitsa m'nyumba, ndipo chimenecho ndi chomwe ndinapitira pansi pa mango paja. Ine ndimati katundu amene ndinkamufuna ndinamupeza, ndiye malondawo anayenda. Alamu amati sanaonepo kasitomala wabwino ngati ine. Wagitala amangoseka ndikamadutsa ndi njinga. Tsono inu amene mwawerenga, mwa atatufe anapambana ndani?