Mayi Wokolopa ndi Kabatire ka Wotchi

Mayi woyandikana nafe ku Kalikiliki amakolopa m'chipatala, choncho anthu amawatcha Ba Mopu monyoza. Iwo amakonda kuchenjeza kuti, "Si vonse vomeza vimachoka veka."

Tsiku lina Taonga, mwana wa zaka ziwiri, anameza kabatire ka wotchi. Atate ake, a Benard, anayamba kumudyetsa nthochi kuti katuluke.

"Ba Benard, lekani! Aka kamawotcha mukati!" anatero mayi aja.

"Imwe Ba Mopu, ndimwe ba dokota lelo?"

Mayiwo anabereka mwanayo n'kuthamangira naye kuchipatala pa minibasi, kumene madokotala anakachotsa kabatireko pammero patayamba kale kupsa.

Taonga ali moyo. Popereka umboni kutchalitchi, atate ake anathokoza madokotala, abusa, ngakhale woyendetsa minibasi. Mayiwo anali pa benchi lachitatu, ndipo sanatchulidwe.