Kansalu ka Ndalama za Bokosi

Bambo anga tinawaika m'mphasa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala pa esiteti ya fodya cha ku Nsaru komwe bambo anali tenanti. Kwathu kwenikweni ndi kummwera, koma ndani akanatinyamulira maliro mpaka kumeneko? Eni mudzi wapafupi anatipatsa malo kumapeto kwa manda awo. Mphasayo inali yaifupi, mapazi a bambo ankaonekera. Amayi sanalire kwambiri tsiku limenelo, anangoyang'ana mapaziwo.

Tinasamukira kufupi ndi Msundwe, ndipo kuyambira pamenepo ndalama iliyonse yolowa m'nyumba mwathu inkayamba yapatulidwa. Amayi akagulitsa mtedza kapena akachoka ku ganyu, ankachotsapo pang'ono n'kumanga m'kansalu kobiriwira, kansaluko n'kuika m'chitini kuseri kwa mtsuko. "Izi n'za bokosi," ankatero. "Ine sindidzapita mapazi ali panja." Chaka cha njala tinadya madeya, kansalu sikanamasulidwe. Anandibweza ku sekondale chifukwa cha fizi, kansalu kali phee. Kwacha ikagwa, amayi ankapita kwa kalipentala kukafunsa mtengo wa bokosi, monga anzawo amafunsira mtengo wa feteleza. Ine sindinkadabwa. Ndinkayesa nyumba iliyonse ili ndi kansalu kake.

Nditakula ndinakaphunzira kusoka kwa mayi ena, atelala apakhonde pa Msundwe pomwepo, munthu wapakamwa koma wa mtima wabwino. Iwowo ndalama sankazigoneka. Zikabwera m'mawa, madzulo zasanduka nsalu ndi ulusi. Tsiku lina anandipeza ndikupatula kangachepe pa malipiro anga, ndipo nditawauza chifukwa chake anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe mwana iwe, mano onse ali m'kamwa ukusungira bokosi? Gula makina, ufe pambuyo!"

Ndinawamvera, makina ogwiritsidwapo kale ntchito ndinaguladi. Koma kupatula sindinasiye. Ndinkapereka kwa amayi, iwo n'kumanga.

Amayi anadwala m'mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati. Chinali chifuwa, ankapuma ngati akukwera phiri. Kuchipatala chaching'ono anatithandiza momwe akanathera, n'kutiuza kuti tithamangire kuchipatala chachikulu kutauni. Pankafunika galimoto yahayala, popeza pa minibasi sakanatha kukhala tsonga. Ndalama zanga zonse zinali zitalowa m'munda ndi m'mayunifolomu omwe eni ake anali asanatenge. M'nyumba monse ndalama zinali pamalo amodzi basi.

Ndinatulutsa chitini, ndinakhala pambali pa mphasa yawo. Amayi anatsegula maso.

"Bweza."

"Amayi, tikupititseni kutauni."

"Ndikakafera komweko undiika m'chiyani? Bweza, ndati."

Tili mkati molimbana, atelala aja anafika pa kabaza, atamva kuti sindinatsegule pakhonde. Anayang'ana amayi, anayang'ana ine.

"Kodi ukudikira chiyani? Masula kansaluko! Bokosi tidzasonkha, mpingo ulipo. Zanga zili m'nsalu, ukudziwa, ndikanakupatsa pompano."

Amayi anayankha motsitsa, mawu akudukaduka. "Pa amuna anga anasonkha ndani?"

Atelala anandikokera panja n'kundigwira dzanja mwamphamvu. "Iwe, wodwala salamula. Wamkulu pano ndiwe. Masula."

Zinali zoona. Ndinali ndi zaka makumi atatu, ndili ndi mwana wanga wamkazi, ndipo amayi analibe mphamvu ngakhale yonyamula kapu. Ndinabwerera m'nyumba, ndinagwira mfundo ija. Inali yolimba, yakuda ndi thukuta la zala zawo. Sindikunama, zala zanga zinakana. Zaka zonsezo kansaluko ndinkangokaona kakumangidwa, ndipo kukamasulira galimoto kunkaoneka ngati kuba. Ndinabwezera chitini kuseri kwa mtsuko. Ndinauza atelala kuti msika ndi mkuja, ndikagulitsa makina anga, tikapeza galimoto. Anakwera kabaza wawo osatsanzika.

Amayi anamwalira mawa lakelo m'mawa, ana akupita kusukulu.

Kansalu kanamasuka mosavuta tsiku limenelo. Ndalama zinakwana bokosi labwino, la matabwa opala, lopaka vanishi, la zogwirira zonyezimira. Nsalu yoyera yam'kati anasoka ndi atelala aja, usiku wonse wa maliro, ndipo sanalandire kanthu. Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti mayi wobwera uyu wapita mwaulemu, mwana wake wamusunga bwino. Ena anabwera kudzandigwira chanza chifukwa cha bokosilo. Ine ndinkangoti zikomo.

Sindikudziwa ngati akanachira kutauniko. Anthu amati inali nthawi yawo, ine ndimavomera. Ndimayembekeza kuti tsiku lina ndidzakwiya, kaya ndi amayi kaya ndi ine ndemwe, koma mpaka lero mumtima muli zii. Makina aja sindinagulitse, ndikusokerabe. Atelala anakalamba, timapatsana moni bwinobwino, nkhani ija sitinaikambepo.

Kansalu ndinakachapa, kali m'chitini chomwe chija. Ndikalandira za diresi ndimapatula, dzanja limangochita lokha. Mwana wanga sindinamuuzepo kuti azitero, Mulungu ndi mboni. Pano ndi mtsikana wamkulu, wayamba kugulitsa mandasi pamsika. Tsiku lake loyamba anabwera akusekerera, anakhuthula ndalama pa tebulo la makina. Asanawerenge n'komwe, anachotsapo pepala limodzi n'kundipatsa.

"Izi n'za bokosi, eti amayi?"

Ndinalandira, ndinamanga.